Kapamba akatupa, sikani imaona chiyani?

Sabata yatha tikuphunzira za mafunde a mawu, mtsikana wina wa Fomu 3 anakweza dzanja. "Aphunzitsi, amalume anga ali ndi hepatitis ndipo kapamba wawo watupa. Anawaunika kale pa sikani, koma akuti apitenso ku Queens ku Blantyre. Nanga sikaniyo sinaone zonse?"

Tiyambe ndi zomwe mumazidziwa. Mukakuwa pafupi ndi thanthwe la phiri la Mulanje, mawu anu amabwerera. Sikani ya ultrasound imachita chimodzimodzi. Imatumiza m'mimba mafunde a mawu ogwedezeka kamamiliyoni angapo pa sekondi, pamene khutu lathu limalekezera pa 20,000. M'mnofu mafundewa amathamanga pafupifupi mamita 1,540 pa sekondi. Akabwerera patatha sekondi 0.0001, ndiye kuti ayenda masentimita 15.4 kupita ndi kubwera, choncho chomwe agunda chili pa masentimita 7.7. Kompyuta imawerengera choncho kambirimbiri mpaka chithunzi chituluke.

Pachithunzipo dokotala amayeza kapamba, amene mwa munthu wamkulu nthawi zambiri sapitirira masentimita 12 kapena 13. Amaonanso ngati muli zotupa. Koma apa ndi pomwe fizikisi yathu imalekezera: sikani imaonetsa kukula ndi maonekedwe, osati chomwe chatupitsa.

Ndipo zotupitsa kapamba n'zambiri kwathu kuno. Malungo obwerezabwereza amatupitsa. Likodzo la m'matumbo limatupitsa. Hepatitis B kapena C ikawononga chiwindi n'kuchiumitsa, magazi amavutika kudutsamo ndipo amadzazana mu kapamba, ngati madzi kuseri kwa ngalande yotsekeka. Palinso lymphoma, khansa ya maselo oyera a m'magazi, yomwe mtundu wake wina umayambira mu kapamba ndipo umapezeka kawirikawiri mwa anthu a hepatitis C kusiyana ndi anthu ena.

N'chifukwa chake madokotala amayezanso magazi, nthawi zina n'kutenga kachidutswa ka mwanabere wotupa kapena mafuta a m'fupa kuti akaone maselowo pa maikulosikopu. Kapamba weniweniyo saboola chisawawa, chifukwa amatha kutaya magazi ambiri. Kudziwa kachilomboko n'kofunikanso: mwa odwala ena, kuchiza hepatitis C kumachepetsa lymphoma yamtunduwu, pamene hepatitis B imatha kudzuka mwamphamvu munthu akayamba mankhwala a khansa asanatetezedwe.

Ndinamuuza mtsikanayo kuti kutumizidwa ku Queens sikutanthauza kuti amalume ake ali ndi khansa. Kukutanthauza kuti funso silinayankhidwe. Choopsa n'kubwerera kunyumba, kutemera mphini pamimba n'kumati ndi malungo basi, miyezi n'kumapita.

Inunso wachibale akatupa kumanzere pansi pa nthiti, akuonda, akutuluka thukuta usiku, mulimbikitseni apite kuchipatala ndipo amalize kuyezetsa konse. Tsopano yesani ichi: mafunde akabwerera patatha sekondi 0.00006, chomwe agunda chili pa masentimita angati?