KUDWALA SI MLANDU PANTCHITO

Bambo wina wosankha fodya pa esiteti ina ku Kasungu anakhosomola miyezi iŵiri osauza munthu. Usiku thukuta linali kunyoŵetsa mphasa, ndipo lamba wa buluku anachita kumuboolanso kaŵiri. Mkazi wake atamuumiriza anapita kuchipatala, kumene atayeza makhololo anampeza ndi chifuwa chachikulu cha TB. Pofunsidwa chimene anachedwera, iye anati, "Adokotala, mnzathu wina anagona masiku anayi ndi malungo, pobwera anapeza akapitawo atafafaniza kale dzina lake. Nanga ine wa ana asanu?"

Mantha otere ndi amene amakulitsa matenda. Miyezi iŵiri yonseyo bamboyo anali kukhosomolera anzake m'shedi yafumbi, yopanda mazenera okwanira, pomwe tizilombo ta TB timayenda mumpweya. Mwini esiteti amene akuganiza kuti wapulumutsa malipiro a munthu mmodzi angadzapeze kuti odwala achuluka pa nyengo yomwe fodya akufuna manja.

Tsono lamulo la ntchito la m'Malaŵi, la chaka cha 2000, silinasiye nkhaniyi m'manja mwa kapitawo. Gawo 46 likunena kuti munthu amene wagwira ntchito miyezi 12 mosadukiza ali ndi ufulu wopuma akadwala, masabata 4 pa malipiro athunthu ndiponso masabata 8 pa theka la malipiro, chaka chilichonse. Gawo 57 likuwonjeza kuti kujomba kwa kanthaŵi chifukwa cha matenda kapena kuvulala si chifukwa chochotsera munthu ntchito kapena kumpatsira chilango. Ngakhale pali mlandu weniweni, munthu sachotsedwa asanapatsidwe mpata wonena mbali yake.

Komatu ufulu umenewu umayenda ndi pepala. Lamulo likufuna kalata yochokera kwa dokotala wovomerezeka, yofotokoza chimene chikumlepheretsa munthuyo kugwira ntchito. Apa ndi pamene ambiri amagwera. Amalandira mankhwala, naika buku la kuchipatala m'thumba, nakagona kunyumba sabata yathunthu bwana osadziŵa kanthu. Ena amayamba apita kwa sing'anga wa zitsamba, amene mawu ake ku ofesi saŵerengedwa. Munthu wotere amalembedwa kuti wajomba popanda chilolezo, ndipo lamulo lomwelo limalola bwana kuchotsa wojomba wopanda chifukwa chomveka.

Motero wodwala apemphe kalatayo tsiku lomwelo, asanatuluke m'chipinda cha dokotala, ndipo aonetsetse kuti ili ndi deti, masiku opuma ndi chidindo. Ngati alibe mphamvu atume mkazi, mwana kapena mbale kukaitula ku ofesi, osati kungoipatsira mnzake panjira. Ndi bwino kuyamba waijambulitsa, pakuti mapepala amasoŵa msanga tsiku la mlandu likayandikira.

Aliponso, nkosabisa, amene amatenga masiku a matenda nakapalira munda wawo kapena kukagwira ganyu kwina, ndi ena ogula makalata abodza. Ameneŵa lamulo siliwaikira kumbuyo, ndipo ndiwo amachititsa kuti wodwala weniweni azikayikiridwa.

Wochotsedwa ntchito chifukwa cha matenda asamangodandaulira pabwalo la bawo. Akadandaule ku ofesi ya Leba ya m'boma lake isanathe miyezi 3 chichotsedwere. Ikakanika kumeneko nkhani imapita ku bwalo la milandu ya zantchito, kumene bwana ndiye ayenera kupereka umboni wa chifukwa chimene anamchotsera. Bwalolo lingalamule kuti munthuyo abwezeredwe pantchito kapena alipidwe chipukuta misozi. Waganyu ndi wina aliyense amene sanakwanitse miyezi 12 adziŵe kuti malipiro a masiku odwalawo lamulo silinamlonjeze.

Bambo wa ku Kasungu uja anali atagwira pa esitetiyo zaka zitatu. Mankhwala a TB ndi aulele m'zipatala za boma ndipo amamwedwa miyezi 6, koma wodwala amene akumwa mosadumphitsa amaleka kupatsira ena pakapita masabata ochepa, ndipo nyonga zikabwerera angathe kugwira ntchito akumwabe. Kalata yake anakaitula ndi mkazi wake m'maŵa mwake. Pa sabata lachisanu ndi chimodzi anabwerera m'shedi, ndipo anzake aŵiri amene anali kukhosomola anawaperekeza yekha kukayezetsa.