Mabuku a chikondi chamakedzana akudzudzula ife akuluakulu

Bambo Mkonzi,

Ndiloleni nanenso ndiponyepo mawu pa nkhani imene yautsa mapiri pachigwa pakati pa awerengi anzanga, nkhani ya mabuku a nthano zazitali zachikondi, makamaka aja osimba za masiku amakedzana a mafumu, akalonga ndi nkhondo za malupanga.

Awerengi agawikana pawiri. Makolo ambiri pamodzi ndi akulu a mpingo akuti mabukuwa ndiwo akupotoza mitu ya ana athu, poti mtsikana wonyoza mawu a bambo ake ndiye amaoneka ngwazi, pamene kholo limaoneka ngati mfiti. Achinyamata nawo akuti mabukuwa akunena zoona, kumene mtima wakonda pasakhale woletsa.

Ine ndine mphunzitsi wopuma ntchito, ndine kholo, ndipo ndaimirirapo unkhoswe kangapo. Maganizo anga ndi akuti mbali zonse ziwirizi zikuweruza mlandu zisanamve mboni. Mabuku enieni a mtundu umenewu, tikawawerenga modekha mpaka tsamba lomaliza, chala chawo chimaloza kwa ife akuluakulu: makolo ofuna kumalizira milandu yawo pamsana pa ana, ndi atsogoleri a mpingo ochita mantha. Nditchulapo mabuku atatu kuti aliyense adziweruzire yekha.

Loyamba ndi The Bride of Lammermoor, limene Sir Walter Scott anatulutsa mu 1819. Mkuluyu anali wa ku Scotland, dziko lija kunachokera amishoni a ku Blantyre ndi Livingstonia. M'bukumu muli mnyamata, Edgar Ravenswood, amene banja lake linataya malo ndi nyumba ya makolo. Wotenga malowo anali katswiri wa malamulo, Sir William Ashton, ndipo bambo a Edgar anamwalira akumutemberera. Koma tsiku lina Edgar anapulumutsa Ashton ndi mwana wake wamkazi, Lucy, kwa ng'ombe yamphongo yolusa. Chikondi chinayambira pomwepo. Awiriwa analonjezana ukwati mwamseri, nadula pakati ndalama yagolide kuti aliyense asunge mbali yake ngati chikole.

Bambo a Lucy sanaletse, pakuti ankaona kuti mphepo ya ndale ikutembenukira kwa abale ake a Edgar, ndiye ukwati ukanawateteza. Koma mayi a Lucy, Lady Ashton, atamva anapsa mtima, nathamangitsa mnyamatayo pakhomo. Edgar atapita kunja kwa dziko, makalata onse a awiriwa ankathera m'manja mwa mayiwo. Usana ndi usiku Lucy ankauzidwa kuti waiwalika, ndipo kuti akwatiwe ndi mwamuna wina wachuma wotchedwa Bucklaw. Tsiku limene anasaina chipangano cha ukwati ndi lomwenso Edgar anatulukira. Mbusa amene analipo anatsegula Baibulo pa Numeri mutu 30, pamene pali lamulo lopatsa bambo mphamvu yofafaniza chowinda cha mwana wamkazi amene akali pakhomo. Lucy anangoti kukamwa yasa, mawu osatuluka. Usiku wa ukwati anabaya mwamuna wakeyo ndi mpeni, mutu utasokonezeka, ndipo posakhalitsa anamwalira. Edgar naye anamira m'mchenga wa m'mbali mwa nyanja akupita kukamenyana ndi mlongo wake wa Lucy.

Tsono makolo anzanga, taonani bwino. Lucy sanathawe ndi mwamuna. Sanatukwane mayi ake. Anamvera mpaka mapeto, ndipo kumverako n'kumene kunamutengera kumanda. Bambo ankamuona ngati chishango pa ndale, mayi ankamuona ngati makwerero a ulemu wa banja. Panalibe ndi mmodzi yemwe anamufunsa ali yekha kuti mtima wake uli pati. Wina anganene kuti izi n'zopeka. Scott mwini wake ananena kuti nkhaniyi anaitenga pa zimene zinachitikira mtsikana wina, Janet Dalrymple, mu 1669. Iye analonjezana ndi Lord Rutherfurd, mayi ake namukakamiza kukwatiwa ndi David Dunbar, ndipo anamwalira pasanathe masabata asanu chichitikire ukwati.

Buku lachiwiri ndikupempha abusa ndi ansembe alifunefune. Ndi la mlembi wa ku Italy, Alessandro Manzoni, ndipo m'Chingerezi limatchedwa The Betrothed, kutanthauza otomerana. Linatuluka mu 1827, koma nkhani yake imayamba mu November 1628 m'mudzi wina pafupi ndi nyanja ya Como. Renzo ndi Lucia, ana a anthu wamba, akonza zonse za ukwati, ndipo mayi a mtsikana, Agnese, avomera. Koma munthu wina wamphamvu m'deralo, Don Rodrigo, akumufuna Lucia, ndiye watuma zigawenga zake kukaopseza wansembe, Don Abbondio, kuti asadalitse ukwatiwo. Wansembe uja m'malo moima nji akuyamba kupeka zifukwa, kumuzunguza mnyamata wosaphunzira ndi mawu a Chilatini. Chifukwa cha mantha a munthu mmodzi, ana awiri osalakwa akuthawa kwawo, napatukana kwa zaka pafupifupi ziwiri, kudutsa m'njala, m'nkhondo ndi m'mliri waukulu umene unagwa mu mzinda wa Milan mu 1630.

Bukuli silinyoza mpingo ayi. Mulinso wansembe wolimba mtima, Fra Cristoforo, amene akupita kunyumba kwa Don Rodrigo kukamudzudzula pamaso, ndiponso Kadinala Federigo Borromeo, amene anali bishopu wamkulu weniweni wa ku Milan masiku amenewo. Kadinalayu akuitana Don Abbondio namufunsa ngati pa tsiku lodzozedwa unsembe analonjezedwa kuti moyo wake udzakhala wopanda zoopsa. Mu May 2015 Papa Francis analangiza otomerana kuti aziwerenga buku limeneli.

Koma mbali imene imandigwira mtima kwambiri ndi ya Gertrude, mwana wa kalonga. Bambo ake anafuna kuti chuma chonse chipite kwa mwana wamwamuna woyamba, choncho anagamula kuti mtsikanayu adzakhala sisitere asanabadwe n'komwe. Ngakhale zidole zimene ankasewera nazo zinali zovekedwa usisitere. Atakula anayesa kukana, koma pakhomo onse analeka kumulankhula mpaka anagonja. Lamulo la mpingo linkafuna kuti wansembe amufunse ngati akulowa mwa kufuna kwake. Wansembeyo anabweradi, nafunsadi, koma mtsikana anayankha kuti inde, akudziwa kuti bambo ake akudikira kuseri kwa chitseko. Moyo wake wonse unakhala wowawa, ndipo anadzalowa m'tchimo loopsa. Abusa ndi ansembe athu, kodi "inde" amene mumamva pa guwa ndi wa mwana, kapena ndi wa amalume amene akhala pa benchi yakutsogolo?

Achinyamata musayambe kuomba m'manja, pakuti buku lachitatu ndi lanu. Ndi Ivanhoe, lolembedwa ndi Scott yemwe uja, losimba za ku England m'masiku a mfumu Richard Woyamba. Mmenemo muli mtsikana wachiyuda, Rebecca, amene anasamalira Ivanhoe atavulala, namukonda mumtima. Iye anadziwa kuti chipembedzo chake ndi bambo ake okalamba, Isaac, sangazisiye. Pamapeto Ivanhoe akukwatira Rowena, ndipo Rebecca akutsanzika mwaulemu, natuluka m'dzikomo pamodzi ndi bambo ake, atatsimikiza kuti moyo wake adzauthera pa kusamalira odwala ndi osauka.

Mkangano wathuwu si wa lero, Bambo Mkonzi. Awerengi ambiri a nthawi imeneyo, makamaka amayi, anadandaula kuti Ivanhoe akanakwatira Rebecca. Madandaulo anachuluka mpaka Scott anawayankha mu 1830. Anati tsankho la masiku akalewo silikanalola ukwati wotere, komanso kuti n'koopsa kuphunzitsa achinyamata kuti wochita zabwino nthawi zonse amalipidwa ndi zimene mtima wake ukufuna. Mlembi wina, William Thackeray, sanakhutire, ndipo analemba kabuku kake kotchedwa Rebecca and Rowena m'mene anakwatitsa awiriwo.

Ine ndili kumbali ya Scott. Kusiyana kwa Rebecca ndi Lucy n'koonekeratu. Onse anataya amene ankamukonda, onse anakhala kumbali ya banja. Koma Rebecca anasankha yekha, maso ali poyera, ndipo akuchoka m'buku mutu uli m'mwamba. Lucy anamusankhira ena, mwa bodza ndi kubisa makalata, ndipo akuchoka m'buku ali m'bokosi. Udindo wa pa banja umene munthu wausenza yekha umamukuza. Umene amusenzetsa mwa chinyengo umamuthyola khosi.

Nanga mwambo wathu ukuti bwanji? Ena amaganiza kuti kufunsa mwana ndi chizungu. Iyayi. Kwathu kuno mnyamata amayamba wafunsira mbeta, ndipo mbeta ili ndi ufulu wokana. Akagwirizana m'pamene aliyense amakauza amalume ake, ankhoswe n'kuyamba kuyenderana. Pa chinkhoswe timapatsana tambala ndi thadzi, nkhwangwa ndi lichero, pamaso pa mudzi wonse, kusonyeza kuti mabanja awiri alumikizana ndipo mavuto akadzabwera pali kokadandaula. Nkhoswe ntchito yake ndi kufufuza khalidwe la mbali inayo, kulangiza ndi kuyanjanitsa. Mwini mbumba amene wasandutsa mphwake malonda wataya mwambo, ngakhale atautchula kangati.

Baibulo nalo likugwirizana nazo. Pa Genesis mutu 24, abale a Rebeka atamaliza kukambirana ndi wantchito wa Abrahamu anaitana mtsikanayo kuti anene yekha ngati apite. Pa Aefeso mutu 6 timakonda kuwerengera ana ndime yoyamba ija ya kumvera makolo, n'kutseka buku tisanafike pa ndime 4, imene ikuchenjeza atate kuti asakwiyitse ana awo.

Ndipo tisaganize kuti nkhani ya Lucy inathera ku Scotland. M'madera ena a ku Karonga ndi Chitipa muli mchitidwe wa kupimbira, wopereka mwana wamkazi kwa munthu wachuma pobweza ngongole. Kwina konse timamva za ana ochotsedwa pasukulu chifukwa mwamuna wobwera kuchokera ku Joni waonetsa ndalama. Malamulo oyendetsera dziko lino a 1994, pa ndime 22, amaletsa kukakamiza munthu aliyense kulowa m'banja. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la maukwati loika zaka 18 ngati msinkhu wokwatira, ndipo mu 2017 inasintha malamulo oyendetsera dziko kuti agwirizane ndi zimenezi. Ku Dedza, Inkosi Theresa Kachindamoto anathetsa maukwati a ana mazanamazana, nabwezera anawo kusukulu. Imeneyo inali mfumu, msungi wa mwambo, ndipo inaona kuti kuteteza mwana ndiwo mwambo weniweni.

Pali mfundo imodzi imene ndikugwirizana ndi makolo odandaula. Si buku lililonse lachikondi lili ndi nzeru. Pali timabuku tina togulitsidwa m'mbali mwa misewu, tokhala ndi chithunzi cha kalonga pachikuto, timene nkhani yake imathera pa tsiku la ukwati. Simuonamo mwana akudwala usiku, simuonamo nkhokwe itauma mu February, simuonamo apongozi okalamba ofunika kuwasamala. Mwana wodya zimenezi zokhazokha adzaganiza kuti banja ndi kupsompsonana basi, ndipo mawu a ankhoswe adzawaona ngati phokoso. Koma mankhwala ake si kutentha mabuku. Wotentha buku amangolikometsa. Mankhwala ake ndi kumupatsa mwana buku labwino, ndi kukhala naye pansi kumufunsa kuti, iwe ukanakhala Rebecca ukanatani?

Choncho pempho langa lili patatu. Kwa makolo ndi eni mbumba: langizani, chenjezani, ngakhale kukana kumene ngati mwaona choipa chenicheni pa mnyamata kapena mtsikana, koma nenani chifukwa chanu poyera ndipo chikhale chokomera mwanayo. Ngati chifukwa chake ndi mkangano wa malire a munda umene munayambana ndi agogo ake, kapena ng'ombe zimene mwaziwerengera kale, umenewo ndi mlandu wanu, musausenzetse mwana.

Kwa abusa, ansembe ndi akulu a mpingo: musanalengeze ukwati, muitaneni mtsikana payekha, pakhale mayi mmodzi wamvano wosakhala mbale wake, ndipo mufunseni mosathamanga. Chitaninso chimodzimodzi ndi mnyamata. Mukaona misozi yosadziwika bwino, imitsani kaye mwambo, ngakhale amene akwiye akhale wopereka chachikhumi chachikulu mu mpingo wonse.

Kwa achinyamata: mawu a akulu akoma akagonera. Amene akukuuzani kuti muthawe usiku osadziwitsa amalume, dzifunseni kuti akubisa chiyani. Renzo ndi Lucia anadikirana m'masautso mpaka ukwati wawo unadalitsidwa poyera, mayi awo ali pomwepo.

Pomaliza, Bambo Mkonzi, mabuku onse atatuwa ndi a kunja ndipo anthu ambiri akumudzi sangawawerenge. Alembi athu ali kuti? Mbiri yathu yadzaza ndi nkhani zotere. Angoni anaoloka Zambezi mu 1835 n'kumakwatira ana a mitundu imene anaigonjetsa. Ku Nkhotakota kunali msika wa akapolo m'masiku a Jumbe. Mu 1915 kunali nkhondo ya John Chilembwe. Amuna ambirimbiri anapita ku Wenela ndi ku Salisbury, kusiya mbeta zikudikira makalata. Kodi mwa onsewa munalibe mtsikana amene anaima pakati pa amalume ndi wokondedwa wake? Tilembereni nkhani zimenezi m'Chichewa, kuti agogo ndi adzukulu awerengere limodzi pakhonde, akangane bwinobwino.

Ine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wopuma,
Ntcheu.