Za Kumanga Kompyuta

Kompyuta si matsenga ai. Ndi zipangizo zolumikizidwa ndi manja a anthu. M'chaka cha 1975, ku America, makina otchedwa Altair 8800 anagulitsidwa m'zidutswa, ndipo ogula anawalumikiza okha.

Chipangizo chilichonse chili ndi ntchito yake. Purosesa iwerengera. RAM igwira za nthawi yomweyo, koma magetsi akazima iiwala zonse. Disiki isunga zolembedwa masiku ambiri. Zonsezi zilumikizidwa pa bolodi lalikulu.

Mwana wa ku Chimaliro adziwa kuti wothyola tiyi asankha bwino masamba awiri ndi kansonga. Womanga kompyuta asamale chomwecho. Ayambe wazula chingwe cha magetsi, ndipo asakanikize purosesa mwamphamvu, pakuti tizitsulo take tikapindika, ndalama za miyezi yambiri zatayika.