Katete

Munthu wocokera ku Lusaka pa mseu waukulu wa kum'mawa, wochedwa Great East Road, akaoloka mlatho wa Luangwa ndi kupitirira Nyimba ndi Sinda, amaona mapiri a miyala ku dzanja lake lamanja. Limodzi la mapiriwo ndi Mphangwe, ndipo m'tsinde mwao ndimo muli Katete. Kucokera pano kufika ku Chipata pali makilomita ngati 90. Mseu wina umapatuka kulinga kumwera, nufika pa malire a Mozambique pa Chanida, nupitirira mpaka ku Tete.

Katete si mzinda waukulu ai. Kulibe migodi ngati ya ku Kitwe, ndipo njanji sinafikeko. Nanga masitolo, msika ndi malori onse aja adzera ciani? Adzera minda.

Dzikoli ndi lokwera, cotero silitentha monga cigwa ca Luangwa. Mvula imayamba mu Novembala nileka mu Malichi kapena Epulo. Anthu amalima cimanga, nshawa, thonje, mpendadzuwa, soya ndi fodya, ndipo m'madambo ali ndi madimba a ndiwo ndi nzimbe. Nshawa zazikulu zija zochedwa Chalimbana zinachukitsa cigawo ca kum'mawa, pakuti zinagulidwa ndi maiko a kutsidya kwa nyanja.

Koma minda imeneyi ili ndi mbiri yowawa, imene mwana aliyense ayenera kuidziwa. Eni dziko ambiri ndi Acewa, okhala pansi pa mafumu monga Mbang'ombe, Kawaza ndi Kathumba. Mu 1895 kampani ya Azungu yochedwa North Charterland Exploration Company inayamba kunena kuti dziko lalikulu la kum'mawa kwa Luangwa ndi lace, cifukwa ca pangano limene Mzungu wina, Carl Wiese, anati anapangana ndi Mpezeni, mfumu ya Angoni. Mu 1928 Boma la Atsamunda linapatulira anthu akuda malo ocepa, ndipo midzi yambiri inasamutsidwa kuti Azungu akapeze mafamu. Azunguwo anabwera owerengeka okha. Tsono taonani cimene cinacitika: kwina nthaka yabwino inangomera chire, nikhala ya nyama ndi kashembe, kwina anthu anapanikizana, nalima munda umodzimodzi caka ndi caka osaugoneka, nadula mitengo, mpaka madzi a mvula anakumba zigwembe ndi kukokolola nthaka. Njala sinacedwe. Mu 1941 Boma linagula gawo lalikulu la dziko lija kwa kampani, ndipo anthu anayamba kubwerera.

Itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, alangizi a zaulimi anagwira nchito yambiri kuno. Anaphunzitsa anthu kukweza migula yopingasa yoletsa madzi, kusintha mbeu m'munda, ndi kuthira manyowa. Alimi ena analandira ng'ombe, makasu a ng'ombe ndi ngolo pa ngongole. Si onse anakondwera nayo migulayo, pakuti inali nchito yolemetsa ndiponso yokakamiza. Koma khasu la ng'ombe linakhazikika. Munthu wolima ndi ng'ombe amakolola zoposa zimene banja lace lingadye, ndipo zotsalazo zimafuna wogula, sikelo, nkhokwe ndi galimoto. Umu ndimo Katete anakulira m'mbali mwa mseu.

Mu 1948 a Mpingo wa Anglican anayamba cipatala ca St Francis. Lero amaciyendetsa pamodzi ndi Akatolika ndi Boma, ndipo odwala amacokera kutali, ena ngakhale ku Mozambique.

Mu Ogasiti, anthu atatha kukolola, mseu umadzaza ndi alendo opita ku Mkaika, likulu la Kalonga Gawa Undi. Kumeneko mafumu a Acewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amadza kudzalamba, ndiko kuti kudzapereka ulemu ndi mphatso ndi kunena za umoyo wa anthu ao. Mwambo wa Kulamba unaletsedwa masiku a Atsamunda, nuyambanso mu 1984. Gule Wamkulu amabvinidwa, ndipo ogulitsa mbuzi, nkhuku ndi nsalu amapeza ndalama zambiri sabata imeneyo.

Popeza cuma ca Katete cili m'munda, cimakwera ndi kutsika pamodzi ndi mvula. Kuyambira dzinja la 2016 mbozi zacilendo zodya mtima wa cimanga zakhala zikusautsa alimi. Mu 2024 mvula inadula cimanga cisanakhwime, ndipo Boma linalengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Caka cotere mlimi sagula malata kapena njinga, mwini sitolo amangokhala pakhomo kuyang'ana mseu, ndipo malori amene amadza kudzatenga cimanga amabwera nao ufa wogulitsa.