USIKU UMODZI KUTSOGOLO KWA NDEKE

Awerengi athu amene amabwera ku Lusaka pa basi kucokera ku Chipata, ku Katete kapena ku Petauke amadziwa kuti akapitirira Chongwe, asanalowe m'tauni, pali msewu wopatukira kudzanja lamanja. Msewu umenewo umathera pa bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda, limene linatsegulidwa mu 1967 ndi kupatsidwa dzina limeneli mu 2011. Ife okhala m'makomboni a Mtendere ndi Kalingalinga timamva kulira kwa ndeke usiku tiri m'nyumba, ndipo ana amathamangira panja kukaona nyali zake. Za m'kati mwake ambiri timangomva kwa ena. Ngakhale amene anakwerapo, ndi owerengeka okha odziwa cimene ciri kuseri kwa nsalu yochinga kutsogolo, kumene kuli malo ochedwa First Class, ndiye kuti kalasi yoyamba.

Mu September 2024 ndinatumidwa ku msonkhano wa ofalitsa nkhani kunja kwa dziko, ulendo wodzera ku Dubai. Oitana ndiwo analipira tikiti, ndipo anandigulira malo apakati, okhalamo anthu amalonda akuluakulu. Nditafika pa khomo lokwerera, kalaliki anayang'ana kompyuta yake nthawi yaitali, nang'amba kapepala kanga, nandipatsa kena. Mtima unagunda, poyesa kuti ndatsala. Koma cinacitika ndi cakuti malo apakati anadzaza, ndipo anandisamutsira kutsogolo osaonjeza ngakhale ngwee imodzi. Ndachula izi poyera kuti wina asaganize kuti thumba la Boma, kaya langa, linafika pamenepo.

Ndeke yake inali Boeing 777, yonyamula anthu oposa 350. Amene anakwerapo sitima ya TAZARA kucokera ku Kapiri Mposhi adzamvetsa msanga, pakuti nayonso ndeke imagawidwa m'makalasi. Kumbuyo, kumene kumakhala unyinji wa anthu, mzere umodzi uli ndi mipando 10, ndipo munthu wamtali maondo ake amagunda mpando wa mnzake. Kutsogolo kunali malo a anthu 8 okha, anai pa mzere, aliyense ndi kacipinda kake kokhala ndi citseko cotsetsereka. Munali mpando waukulu wacikopa, galasi, nyali, kabati ya zakumwa ndi wailesi yakanema yaikulu kuposa imene tiri nayo kwathu.

Mtsikana wogwira nchito m'ndekemo anandilonjera pondichula dzina la atate anga, ngati kuti anakulira kumudzi kwathu. Anandipatsa kansalu kofunda konyowa. Ine ndinakagwira m'manja osadziwa cocita, kufikira nditaona mkulu wina pafupi akupukutira nako m'manja ndi kumaso. Kenaka kunabwera khofi wa Ciarabu m'kakapu kakang'ono pamodzi ndi zipatso za kanjedza. Mabatani a mpando anali ambiri, ndipo loyamba limene ndinadina linayamba kundigoneka cagada ndeke isananyamuke, ine tayi iri m'khosi.

Tinanyamuka 9 koloko ya usiku itapitirira. Ndinaika mphumi pa zenera kufunafuna Mtendere, koma sindinathe kuloza ngakhale msewu umodzi. Caka cimeneco cinali ca cilala, cimene Boma linalengeza pa 29 February kuti ndi tsoka la dziko lonse. Madzi ku Kariba anacepa, ndipo magetsi m'makomboni anali kuthima maola ocuruka pa tsiku. Madzulo omwewo ndinasiya mkazi wanga akuphika pa mbaula, ana akulemba nchito ya kusukulu ndi kuunika kwa foni. Ine m'kacipinda kanga ndinali ndi nyali zoti ndisankhe ndekha kuwala kwake.

Za cakudya sindidzacurutsa mau, ngakhale ndizo zimene anthu amafunsa coyamba. Kumbuyo onse amadya nthawi imodzi, m'timbale tophimbidwa. Kutsogolo munthu amaitanitsa pamene wafuna, ndipo amamuyalira nsalu yoyera pa thebulo, mbale zadothi ndi mipeni yacitsulo. Anandibweretsera cakudya cochuka pakati pa olemera, cochedwa caviar. Amenewa ndi mazira a nsomba yaikulu ya m'nyanja zakutali, akuda, ocepa ngati njere za mapira, amcere kwambiri. Ndinalawa kawiri mwaulemu. Kunena zoona, kapenta wa ku Siavonga wothira tomato amaposa. Nyama ya nkhosa ndi mpunga zinali zabwino. Nsima munalibe, ndipo sindinafunse.

Cimene anthu amagula ndi ndalama zonsezo ndinacidziwa titatha kudya. Mtsikana uja anandipatsa zovala zogonera zofewa ndi nsapato za m'nyumba, nati ndikasinthe. Pobwerera ndinapeza mpando uja wasanduka bedi, atayalapo matiresi, nsalu, mtsamiro ndi bulangeti. Ndinatseka citseko, ndinatambasula miyendo yonse, ndipo panalibe cigongono ca munthu m'nthiti mwanga. Tinali pamwamba makilomita oposa 10, tikuthamanga pafupifupi makilomita 900 pa ola, kunja kukuzizira madigiri 50 pansi pa ziro, koma m'katimo munali bata ngati m'nyumba ya udzu mvula itatha.

Eni ndeke amagulitsa malo. Pamene munthu mmodzi wagona cotambalala, pakadakhala anthu angapo okhala tsonga, ndipo wogonayo amalipirira onsewo. N'cifukwa cace mtengo wa tikiti yakutsogolo umaposa wa kumbuyo kangapo konse. Mlimi amene anagulitsa cimanga ku FRA mu 2024 pa K330 thumba la makilogiramu 50 akanafunika matumba mazanamazana kuti apite ndi kubwerera pa bedi limenelo. Ndalama zomwezo zikhoza kulipira nyumba ya zipinda ziwiri m'komboni kwa zaka zingapo.

Malonda otere ife a m'makomboni si acilendo kwa ife. Ku Kanyama, ku Chawama ndi ku George mwini nyumba amawerenga lendi pa cipinda, ndipo banja la anthu 6 kapena 7 limagona m'cipinda cimodzi: makolo pa bedi, ana pansi pa mphasa, pakati atapacika citenje pa cingwe. Mlendo wocokera kumudzi akabwera kucipatala ca UTH, ana amapanikizana kuti apeze pogona. Ine ndinakulira m'nyumba yotere. Mwina ndico cifukwa cace tulo tinandithawa pa bedi lija. Ndinazolowera kumva kupuma kwa anthu ena pafupi.

Pakati pa usiku ndinadzuka ndi kuyenda kupita kumbuyo. Ndinafuna kuona mai wina wa ku Kanyama amene tinaceza naye pa mzere ku bwalo la ndeke, wopita ku Dubai kukaoda nsapato ndi zikwama zoti akagulitse kumsika. Ndinamupeza atatsamiritsa mutu pa kathebulo, nsapato atavula cifukwa mapazi anatupa. Ponseponse anthu anali atapinda makosi, ena atafunda bulangeti kumutu, khanda likulira capakati. Tikuceza motsitsa mau, ndeke inalowa m'mphepo yoipa, niyamba kugwedezeka ngati basi pa msewu wa mabampu. Nyali ya malamba inayaka, ndipo ndinathamangira ku malo anga. Kumenekonso makapu anali kulira cimodzimodzi. Lamba wa m'cuuno ndi mmodzi kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo woyendetsa ndi yemweyo.

Kwa awerengi amene tsiku lina adzakwera ndeke kukaona ana kunja, kutupa kwa mapazi kuja kusawadabwitse. Kukhala maola ambiri osasuntha kumacedwetsa magazi m'miyendo, ndipo kwa ena magaziwo amaundana, cimene ciri coopsa. Mpweya wa m'ndeke ndi wouma. Imwani madzi kawirikawiri, gwedezani mapazi, ndipo nyali ya malamba ikazima nyamukani muyendeko pang'ono. Zimenezi sizilira kalasi yoyamba.

Akuluakulu a ku Matero akamva nkhani ya ndeke amayamba kukumbuka Nkwazi. Imeneyo inali DC-10 ya kampani yathu ya Zambia Airways, imene inafika mu 1984. Inali kupita ku London, ndipo kuyambira mu 1988 inafikanso ku New York kudzera ku Monrovia. Anthu anali kuinyadira monga amanyadira mbalame ya pa mbendera. Koma ngongole zinakula, ndipo mu December 1994 kampaniyo inatsekedwa, anchito ake natsala pa msewu. British Airways nayo inaleka kubwera ku Lusaka mu 2013, ndipo opita ku London anayamba kusinthira ndeke ku Dubai, ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg. Dzina la Zambia Airways linabwereranso mumlengalenga mu December 2021, mogwirizana ndi Ethiopian Airlines.

Mbiri ya Nkwazi imatikumbutsa kufunsa amene amalipira. Wamalonda wogona pa bedi lija ndi ndalama za thukuta lake, palibe womuletsa. Koma tikiti ikamacokera m'misonkho ya mai uja wa ku Kanyama, pamafunika cifukwa comveka. Ku Tanzania, malemu Pulezidenti John Magufuli atangolowa pa mpando mu 2015 anacepetsa maulendo akunja a anchito a Boma, naletsa matikiti a kalasi yoyamba kwa onse kupatula atsogoleri apamwamba owerengeka. Ine ndinagonapo, ndipo ndikhoza kucitira umboni kuti wanchito wa Boma akhoza kukafika ku msonkhano ali wamphamvu popanda citseko ndi mazira a nsomba.

Titauluka makilomita oposa 5,000 kwa maola ngati 7, tinatera ku Dubai kukuca, nthawi ya kumeneko iri patsogolo ndi maola awiri. Ife akutsogolo tinatuluka coyamba. Ndinaima pambali kudikira mai uja, ndipo sipanapite nthawi anatulukira, maso ali gwa, koma akuwerenga kale pa kapepala mitengo ya katundu wake.

Pobwerera malo apakati sanadzaze, ndipo kalaliki sanang'ambe kanthu. Zovala zogonera zija anandilola kutenga, ndipo ndinazitumiza kumudzi kwa atate ku Katete. Amai ananditumira foni mu June kuti atate amazivala m'mawa kukazizira popita kudimba, ndipo akufunsa ngati kumeneko kulinso jekete yake.