Mankhwala a Mphumu ndi Njira Yake Yofikira M'mapapo

M'mapapo mwa munthu muli timachubu tambirimbiri togawikana ngati nthambi za mtengo, ndipo mpweya umadutsa m'menemo. Kwa munthu wodwala mphumu, timachubuti sitichedwa kuvuta. Fumbi, utsi wa nkhuni, chimfine kapena chisanu cha mu June zikangomupeza, minofu yozungulira timachubuti imakungika, mkati mumatupa ndipo mumadzaza makhololo. Njira ya mpweya imachepa, munthu amabanika, m'chifuwa n'kumalira ngati mluzu. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu 262 miliyoni anali ndi mphumu padziko lonse, ndipo 455,000 anafa nayo.

Mankhwala ake ali m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi lotsegula chifuwa, ndipo odziwika kwambiri ndi salbutamol, amene ambiri amawatchula kuti Ventolin. Anapangidwa ku Britain mu 1966. Amamasula minofu yokungika ija, moti pakangotha mphindi zisanu munthu amayamba kupeza bwino, koma mphamvu yake imatha pakadutsa maola anayi kapena kuposerapo pang'ono. Kutupa kwa mkati kuja sakukhudza n'komwe. Imeneyo ndi ntchito ya gulu lachiwiri, loteteza, monga beclometasone ndi budesonide. Awa amagwira ntchito mwakachetechete kwa masiku kapena milungu, ndipo amafunika tsiku lililonse ngakhale munthu ali gwa. Apa ndi pamene ambiri amaphonya: poona kuti sakumva kusintha nthawi yomweyo, amawataya n'kukakamira otsegula chifuwa okha. N'chifukwa chake kuyambira mu 2019 bungwe la GINA, limene limapereka malangizo a kasamalidwe ka mphumu, linasiya kulimbikitsa zoti akuluakulu ndi achinyamata azidalira salbutamol yekha. Amene amamaliza timabotolo titatu ta salbutamol pachaka, kapena kuposa, mphumu yake sinagonje ndipo ali pachiopsezo.

Komatu mankhwala abwino akalephera kufika m'mapapo amakhala ngati feteleza wothira pamsewu. Piritsi limayamba lapita m'mimba, kenako m'magazi, n'kuzungulira thupi lonse lisanafike pamene pali vuto. Limachedwa, limafuna mlingo waukulu, ndipo manja amanjenjemera, mtima n'kumathamanga. Mankhwala opopera m'kamwa, a inhela, amalunjika m'mapapo ndi mlingo wochepa zedi: kupopera kamodzi kwa salbutamol ndi mamaikulogalamu 100, pamene piritsi la munthu wamkulu limakhala mamiligalamu 4, kuchulukitsa ka 40. Kachipangizo ka inhela kanatuluka ku America mu 1956, kuchokera ku kampani ya Riker Laboratories, mwana wamkazi wa mkulu wa kampaniyo, yemwe ankadwala mphumu, atafunsa bambo ake chifukwa chimene mankhwala ake sankaikidwa m'kachitini kopopera ngati mafuta a tsitsi.

Pali mphekesera yoti munthu akayamba inhela sasiyanso, kapena yoti imaperekedwa kwa amene matenda awafika posauzana. Zimenezi n'zabodza. Inhela siyambitsa chibaba, ndipo ndi imene madokotala amafuna kuti wodwala ayambire.

Vuto lake lenileni ndi kapoperedwe. Pamafunika kukhutchumula kabotolo, kutulutsa mpweya wonse, kutseka milomo mozungulira kukamwa kwa inhela, kenako kusindikiza kamodzi pa nthawi yomwe munthu wayamba kukoka mpweya pang'onopang'ono, n'kuusunga kwa masekondi 10. Dzanja ndi mpweya zikasemphana, mankhwala amathera palilime ndi kummero. Mwana wamng'ono sangakwanitse, ngakhale akuluakulu ambiri amalephera.

Chothandiza ndi sipesa, kabotolo kopanda kanthu koikidwa pakati pa inhela ndi pakamwa. Mankhwala akapoperedwa amayandama m'menemo, ndipo wodwala amawakoka mwa kupuma kanayi kapena kasanu ndi kamodzi mosafulumira. Kupopera kumakhala kamodzikamodzi, osati kuunjika. Sipesa yogula imadula, koma kafukufuku wa Heather Zar ndi anzake pa chipatala cha ana cha Red Cross ku Cape Town, amene anasindikizidwa mu 1999, anasonyeza kuti botolo lapulasitiki la zakumwa la mamililita 500 limagwira ntchito mofanana ndi yogulayo. Kunsi kwa botolo kumabooledwa bowo lokwana ndendende kukamwa kwa inhela, ndipo mwana amapumira kukamwa kwa botololo. Likatsukidwa ndi sopo lisiyidwe liume lokha, chifukwa kulipukuta ndi nsalu kumachititsa kuti mankhwala azikakamira m'mbali. Wogwiritsa ntchito mankhwala oteteza azichukucha m'kamwa akamaliza, kupewa zilonda zoyera za palilime ndi kusasa mawu.

Kuchipatala kumapezekanso nebulaiza, makina amene amasandutsa mankhwala amadzi kukhala nkhungu yopumira kudzera m'chophimba pakamwa ndi mphuno kwa mphindi 10 mpaka 15. Anthu amawakhulupirira kwambiri chifukwa cha phokoso ndi nkhungu yakeyo, koma amalira magetsi, ndipo pa mphumu yosafika poipa inhela yokhala ndi sipesa imachita zomwezo. Mphumu ikakula, wodwala amapatsidwanso mapiritsi a prednisolone kwa masiku ochepa kuti kutupa kuphwe, pamodzi ndi mpweya wa okosijeni wochokera m'silinda kapena m'makina osefa mpweya.

Pali zizindikiro zimene siziyenera kudikira kuti kunja kuche. Wodwala akamalephera kumaliza chiganizo chifukwa cha phuma, milomo ikayamba kuda, mwana akakana kuyamwa uku nthiti zikulowa mkati, kapena inhela ikapoperedwa koma osasintha kanthu, athamangire naye kuchipatala, ndipo apitirize kumupopera mankhwala ali m'njira.