Chotchinga mphepo pa njinga yamoto: kamangidwe ndi kakonzedwe kake

Njinga zamoto zambiri zimene zimanyamula anthu ndi katundu pa Chileka ndi pa Lirangwe, m'boma la Blantyre, n'zainjini zazing'ono za pakati pa 100cc ndi 150cc, ndipo zimagulidwa zilibe chotchinga kutsogolo kupatula kachibade kozungulira nyali. Popeza woyendetsa kabaza amakhala pamsewu kuyambira m'bandakucha mpaka usiku, m'fumbi la chilimwe, m'mvula ya dzinja ndi m'chisanu cha chiperoni, mwininjinga angafune kuwonjezerapo chotchinga mphepo chapulasitiki, chimene opanga njinga amachitcha fairing. Chipangizochi si chokongoletsera chabe, pakuti chimasintha mmene mphepo imakankhira njinga, ndipo ubwino kapena kuopsa kwake kumadalira pamene chamangidwa ndi mmene chapendekekera.

Zotchinga zogula padera zinatchuka ku America m'zaka za m'ma 1970 ndi mtundu wa Windjammer umene ankapanga Craig Vetter, ndipo mu 1976 kampani ya BMW inatulutsa njinga ya R100RS, imene chotchinga chake chinayesedwa kaye m'chipinda chowuziramo mphepo yamphamvu. Chimene akatswiriwa ankalimbana nacho n'chakuti liwiro likawonjezeka kawiri, mphamvu ya mphepo yotsutsana ndi njinga imawonjezeka kanayi, moti woyendetsa amene wachoka pa makilomita 40 pa ola n'kufika pa 80 amalandira pachifuwa mphepo yoposa kwambiri mmene angaganizire. Motero m'misewu yafumbi yolowa m'midzi ya ku Chileka, kumene njinga imayenda pang'onopang'ono, chotchinga sichipulumutsa mafuta ooneka ndi maso, koma chimateteza chifuwa ku chisanu, timiyala ndi tizilombo. Mphamvu yake yeniyeni imaonekera pamsewu wa M1, pakati pa Lunzu, Lirangwe ndi Zalewa, pamene njinga imathamanga ndiponso imapambana ndi malole opita kuchipata cha Mwanza, amene amasiya mphepo yowomba cham'mbali.

Pali njira ziwiri zomangira chotchinga. Yoyamba, yomwe ndi yotsika mtengo, ndiyo kuchimangirira ku mahandulo kapena ku mafoloko, zitsulo ziwiri zogwira tayala lakutsogolo, ndipo zikatero chimakhota pamodzi ndi tayalalo. Kuipa kwake n'kwakuti mphepo iliyonse yogunda chotchinga imalowa m'chiwongolero, kotero kuti chikakula kwambiri chimagwira mphepo ngati lichero ndipo njinga yopepuka imayamba kupukusa mutu ikamathamanga. Njira yachiwiri ndiyo kuchimangirira ku felemu, chitsulo chachikulu chimene chimanyamula injini ndi thanki, ndipo pamenepa mphepo imakankha njinga yonse m'malo mokankha mahandulo okha. Njirayi imafuna mabulaketi, tizitsulo togwiziza timene owotcherera angathe kupanga, koma tiyenera kumangidwa pa mabawuti amene alipo kale, chifukwa kuboola kapena kuwotcherera felemu kumaifooketsa pamalo ponyamula katundu.

Makanika wodziwa ntchito amalowetsa mabawuti onse asanalimbitse n'limodzi lomwe, kuti pulasitiki ikhale pamalo pake mosakakamizidwa, ndipo paliponse pamene yakhudzana ndi chitsulo amaikapo labala, popeza kunjenjemera kwa injini ndi mabampu zimang'amba pulasitiki kuyambira pa zibowo. Kenaka amakhotetsa mahandulo mpaka kumapeto, kumanja ndi kumanzere, kuti aone ngati chotchinga sichikugunda thanki kapena kupana nthambo za buleki, kalachi ndi moto. Amachitanso zimenezi injini ikulira, chifukwa ngati kulirako kwakwera pokhota, ndiye kuti nthambo ya moto ikukokeka, ndipo njinga yotere ingathe kudumpha yokha pakona. Nyali ndi maindiketa siziyenera kuphimbika, ndiponso mpata wa mpweya wopita ku injini uyenera kutsala, pakuti injini za njinga zimenezi zimazizira ndi mphepo yodutsa m'zipsepse zake, osati ndi madzi.

Pokonza msinkhu, woyendetsa amakhala panjinga monga mmene amakhalira ali paulendo, ndipo m'mphepete mwa chotchinga mumaikidwa cha pamphuno pake, kuti aziona msewu kudzera pamwamba, osati kudzera m'pulasitiki imene imachita chifunga ndi mvula, matope kapena kuwala kwa nyali za magalimoto usiku. Kapendekedwe koyambira ndi kofanana ndi ka mafoloko, ndipo kamasinthidwa pang'onopang'ono pambuyo poyesa njinga pamsewu wopanda chipwirikiti. Chipewa chikamagwedezeka ndi mphepo yosokonekera, kapena wokwera kumbuyo akamadandaula kuti mphepo ikumuwomba kumaso, ndiye kuti kapendekedweko sikanakhale bwino.

Mtundu wa pulasitiki nawonso uli ndi kanthu. Ya acrylic imawala bwino koma imasweka zidutswa zakuthwa njinga ikagwa, pamene ya polycarbonate ndi yolimba ngakhale kuti imakalika msanga. Zonse ziwiri zimatsukidwa ndi madzi ndi sopo, chifukwa petulo amaziwononga ndipo nsalu youma imakwechesa fumbi n'kuzikala. Mabawuti amafunika kuwaunikanso pakatha masiku oyamba ndiponso nthawi iliyonse imene oyilo akusinthidwa. Chotchinga sichilowa m'malo mwa chipewa chodzitetezera pangozi, chimene malamulo a pamsewu amafuna kuti woyendetsa ndi wokwera onse avale.